Mafunso Anu: Dera Lakale la Mzinda, Tigumule Kapena Tisunge?

Makalata a mwezi uno akuzungulira pa nkhani imodzi: madera akale a m'mizinda, komwe misewu ndi yopapatiza, nyumba ndi za nthawi ya agogo, koma malo ake ndi odula kwambiri chifukwa ali pakatikati pa mzinda. Makalata ena ndawafupikitsa.

FUNSO

Bambo mlangizi, ine ndi abale anga tinasiyiridwa nyumba ndi agogo athu m'dera lakale la mzinda. Khonsolo inaika nyumbayi pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa. Denga likudontha, khoma lina lanyowa mpaka m'chiuno, ndipo tikafuna kusintha ngakhale zenera amati tikapemphe chilolezo. Pali kampani ina yomwe ikufuna kugula malowa kuti imangepo nyumba yosanja. Kodi mbiri yakale imadyedwa? Tigulitse?

*Mayi wothedwa nzeru*

YANKHO

Mayi, funso lanu loti kodi mbiri imadyedwa si lachipongwe ayi, ndipo akuluakulu ambiri oteteza nyumba zakale amalithawa. Lamulo longoletsa, losabwera ndi ndalama kapena mmisiri, siliteteza nyumba. Limangochotsa katapila n'kusiyira mvula ntchito yogumulayo, ndipo mvula sipempha chilolezo kukhonsolo.

Ku Zanzibar, dera la Stone Town lili ndi bungwe loliyang'anira kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inalilemba pa mndandanda wa malo a cholowa cha dziko lonse mu 2000. Koma pa 25 Disembala 2020 mbali ina ya House of Wonders, nyumba yotchuka kwambiri kumeneko yomwe Sultan Barghash anamangitsa mu 1883, inagwa ili mkati mokonzedwa, ndipo anthu awiri anafera pomwepo. Ku Marseille m'dziko la France, pa 5 Novembala 2018, nyumba ziwiri zakale za mu msewu wa rue d'Aubagne zinagwa n'kupha anthu 8. Nyumba yakale ikasiyidwa osakonzedwa imakhala ngozi, ndiye musamve manyazi kuti mukudandaula za denga pamene ena akukamba za mbiri.

Tiyeni tiyambe ndi khoma lonyowalo, chifukwa mwina vuto lanu ndi laling'ono kuposa mmene mukuonera. Tengani chogwirira cha nyundo, mugogode pulasitala kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Pena pamveka polimba, pena palira mopepuka posonyeza kuti kuseri kuli mphako. Pamalo potero gumulanipo pang'ono. Mukapeza pulasitala wotuwa, wolimba, wothyoka m'zipanthi zakuthwa, koma kuseri kwake njerwa ikufumbutuka m'zala ndipo pali timchere toyera, dziwani kuti munthu wina, zaka zapitazo, anamata simenti pa khoma lomwe linamangidwa ndi laimu kapena dothi. Khoma lotere limamwa chinyontho kuchokera m'nthaka n'kuchitulutsa pang'onopang'ono kudzera mu pulasitala wa laimu. Mukalitseka ndi simenti ndi penti ya mafuta, madziwo amasowa potulukira, amakwera m'mwamba, ndipo mchere womwe abwera nawo umauma mkati mwa njerwa n'kuiphwanya. Nyumba za miyala ya m'nyanja za ku Stone Town ndi ku Lamu m'dziko la Kenya zavutika kwambiri ndi matenda amenewa, ndipo kawirikawiri owabweretsa anali anthu a mtima wabwino omwe ankati akukonza.

Ndondomeko yake ndi yochokera kumwamba. Tsekani kaye podontha padenga. Kenako onani mipope yotsitsa madzi a padenga ndi ngalande za kunja. Onaninso ngati nthaka kapena msewu wa kunja sunakwere kupitirira pansi pa nyumba, chifukwa m'madera akale msewu umathiridwa phula pamwamba pa phula lina mpaka nyumba kutsala m'dzenje. Mukatero ndiye chotsani simenti ija, lisiyeni khoma liume kwa miyezi ingapo, kenako mumate laimu. Ndikuchenjezeni kuti amisiri ambiri a masiku ano salikonda laimu. Limauma mochedwa, limafuna kuwazidwa madzi ndi kutchingidwa ku dzuwa, ndipo mmisiri wofuna kulandira ndalama yake Lachisanu adzakuuzani kuti tithiremo kasimenti pang'ono kuti ligwire. Mukaneni.

Za chilolezo. M'mayiko ambiri lamulo limasiyanitsa kukonza ndi kusintha: kubwezeretsa chomwe chinawonongeka ndi china chofanana nacho sikuvuta ngati kuboola khoma kapena kuwonjezera chipinda pamwamba. Pitani kukhonsolo mukafunse kuti chotetezedwa n'chiyani kwenikweni, nyumba yonse kapena maonekedwe a kumsewu okha, ndipo yankholo akupatseni polemba. Mukafunsenso za bafa, chimbudzi cha madzi ndi mawaya atsopano a magetsi. Ku Djenné m'dziko la Mali, mzinda wa nyumba za dothi womwe unalembedwa ndi UNESCO mu 1988, anthu akhala akudandaula kuti malamulo oteteza akuwalepheretsa kukonza nyumba zawo kuti zikhale zokhalika masiku ano. Ine pa nkhani imeneyi ndili kumbali ya eni nyumba. Lamulo lomaniza banja chimbudzi chabwino pofuna kusangalatsa alendo ojambula zithunzi ndi lamulo loipa, ndipo mapeto ake banjalo limasamuka, nyumba n'kutsala ya mileme.

Kenako mukafunse funso lomwe sakonda kulimva: inu mwatiletsa, nanga mutithandiza ndi chiyani? Kwina kuli mayankho. Dziko la France linakhazikitsa lamulo la Malraux mu 1962, lomwe linateteza madera athunthu monga Le Marais mu Paris, ndipo mwini nyumba wokonza motsatira ndondomeko amachotseredwa msonkho. Ku New York, eni siteshoni ya sitima ya Grand Central anafuna kumanga nyumba ya nsanjika zoposa 50 pamwamba pake. Mzinda unakana, nkhani inakafika ku khothi lalikulu la dziko la America, ndipo mu 1978 khothi linagamula mokomera mzinda. Chimodzi mwa zomwe linaganizira n'chakuti eni akewo anali ndi mwayi wosamutsira ku malo oyandikana nawo ufulu womanga m'mwamba womwe anakanizidwa pa siteshoniyo. Ku Havana m'dziko la Cuba, kuyambira 1993, ofesi yomwe ankatsogolera Eusebio Leal inapatsidwa mphamvu zoyendetsa mahotela m'dera lakale n'kubweza phindu lake pokonza nyumba, masukulu ndi zipatala za m'deralo. Khonsolo yanu ikakhala kuti ilibe chilichonse chofanana ndi izi, inu ndi anansi anu muli ndi chokayankhula ku msonkhano wake.

Nanga mugulitse? Sindingakudzudzuleni mutagulitsa, nyumba ndi yanu. Koma dzifunseni: ngati nyumbayo ndi yotetezedwadi, kampaniyo imangapo bwanji nyumba yosanja? Mwina ikudziwa kuti lamulo lisintha posachedwa, ndiye kuti malo anu ndi odula kuposa mtengo womwe akutchulirani. Mwinanso ikufuna kugula, kutseka zitseko, kusasula malata angapo n'kudikira nyengo za mvula ziwiri kapena zitatu mpaka khonsolo inene yokha kuti nyumbayi ndi yoopsa, igwetsedwe. Mchitidwe umenewu ndi wodziwika padziko lonse. Pezani wowerengera mtengo wa malo yemwe sanatumidwe ndi kampaniyo, ndipo pasapezeke m'bale wosaina yekha kumbali. Ganiziraninso zobwereketsa chipinda cha kumsewu kwa zaka zingapo kwa munthu wamalonda yemwe angavomere kukonza denga ngati gawo la lendi.

FUNSO

Achikulire, ine ndikuphunzira za mapulani a mizinda. Anthu akuchuluka, nyumba zikusowa, ndipo m'madera akale galimoto yozimitsa moto kapena ambulansi singalowe. Si bwino kodi kugumula n'kumanga zamakono? Zikuoneka ngati okonda zakale ndi anthu okhuta omwe sakhalamo m'nyumbazo.

*Wophunzira*

YANKHO

Mphwanga, pa mawu ako omalizawo walasa, ndipo ena mwa anzanga akawerenga akwiya. Ndikuvomerezanso kuti si chakale chilichonse choyenera kusungidwa. Paris yomwe anthu amaitama lero inabadwa pa kugumula: pakati pa 1853 ndi 1870 Haussmann, mkulu wa boma woyang'anira mzindawo, anagwetsa nyumba zikwizikwi, nalambula misewu ikuluikulu, nakumba ngalande za zonyansa ndi kubweretsa madzi abwino. Osauka ambiri anakankhidwira kunja kwa mzinda, koma madzi ndi ngalandezo zinalidi zofunika.

Komabe tenga mapu a mzinda uliwonse, ujambule malire a dera lakale. Upeza kuti ndi kachigawo kakang'ono kwambiri. Kusowa kwa nyumba sikungathere pamenepo. Ndiye ukaona pulani yogumula, usayang'ane chithunzi chokongola chomwe apachika pa chikwangwani, werenga zomwe zidzakhale mkatimo. Nthawi zambiri ndi maofesi, hotela, masitolo ndi poimika magalimoto. Funsa kuti usiku mudzagona anthu angati, ndipo omwe akugonamo lerowa adzakhala ali kuti.

Ukafuna kudziwa kuopsa kwa mawu akuti "dera ili ndi lauve, lakutha", werenga za District Six ku Cape Town. Mu 1966 boma la tsankho linalengeza kuti deralo ndi la azungu okha. Anthu oposa 60,000 anasamutsidwira ku Cape Flats, kutali ndi pakati pa mzinda, nyumba zawo n'kugwetsedwa, ndipo gawo lalikulu la malowo linakhala pululu kwa zaka makumi angapo, kutsala matchalitchi ndi mizikiti yokha. Inde, kumeneko chinali tsankho. Koma chifukwa chomwe ankapereka pagulu ndi chomwechi chimene timamva mpaka lero, ndipo anthu ochitchula sanena kuti ndani analeka kukonza mipope ndi kutola zinyalala m'deralo mpaka lifike pakutha.

Madzi akatayika saoleka. New York inagwetsa Pennsylvania Station kuyambira 1963, nyumba ya miyala yomwe inali itangotha zaka 53, ndipo chisoni chake n'chomwe chinabala lamulo loteteza nyumba zakale la mzindawo mu 1965. Ku London, pulani yogumula gawo lalikulu la Covent Garden inalephereka chifukwa anthu okhalamo anaima nji, ndipo mu 1973 boma linateteza nyumba zoposa 200 kumeneko nthawi imodzi.

Nyumba zosanja zili ndi pake. Paris inayamba kumanga dera la maofesi la La Défense kunja kwa mzinda wakale kuyambira 1958. Itayesa kulowetsa nsanja imodzi mkati, Tour Montparnasse ya mamita 210 yomwe inatha mu 1973, anthu anaipidwa nayo kwambiri moti mu 1977 anaika malire akuti nyumba zatsopano zisapitirire mamita 37. Singapore, dziko lopanikizika malo kuposa ambiri, linagumula zambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, koma mu 1989 linateteza madera monga Chinatown, Little India ndi Kampong Glam, nsanja zake n'kumazimanga chapafupi pomwepo. Ndipo za ozimitsa moto zili ndi njira zina: magalimoto ang'onoang'ono, mipope ya madzi ozimitsira moto m'tinjira, mawaya atsopano, ndi kutsegula njira imodzi kapena ziwiri pochotsa zisakasa zomwe zinadzamangidwa pambuyo pake m'mabwalo a kuseri.

Usaganizenso kuti UNESCO ndi polisi. Mphamvu yake ndi kufufuta dzina basi. Ku Dresden m'dziko la Germany anthu anavota mu 2005 kuti mlatho watsopano umangidwe pa mtsinje wa Elbe. UNESCO inachotsa chigwa cha mtsinjewo pa mndandanda wake mu 2009, mlatho n'kutsegulidwa mu 2013. Liverpool inalembedwa mu 2004 n'kuchotsedwa mu 2021 chifukwa cha zomangamanga za m'mbali mwa doko, kuphatikizapo bwalo la mpira la Everton. Pa nkhani ya Dresden ndikhoza kutsutsana nawo za malo omwe anaika mlathowo, koma eni mzinda anafunsidwa ndipo anayankha. Zomwe sindigwirizana nazo ndi pulani yovomerezedwa m'chipinda chotseka, anthu n'kuidziwira pa chidziwitso chomatidwa pa chitseko chawo.

Popeza ukuphunzira, kawerengenso za nkhokwe ya chimanga ndi tirigu ya pa doko la Cape Town, yomangidwa m'zaka za m'ma 1920. Sanaigwetse. Anaboola mkati mwa zipilala zake za konkire n'kuisandutsa nyumba yoonetseramo zaluso ya Zeitz MOCAA, yomwe inatsegulidwa mu 2017. Ntchito yotero imafuna mutu kuposa kujambula pa malo osalazidwa kale.

FUNSO

Bambo, dera lathu analikonza bwino zedi. Anapenta, anaika magetsi a m'misewu, alendo akubwera. Koma lendi yakwera kawiri, wosoka nsapato ndi wa golosale anasamuka, ndipo nyumba zoyandikana nafe tsopano amagonamo alendo a masiku awiri atatu. Kodi uku ndiye kusunga cholowa?

*Bambo wochita lendi*

YANKHO

Bambo, ayi, asunga makoma okha. Ndipo kalata yanu ndi yomwe yandikhudza kwambiri, chifukwa vuto lanu silioneka pa chithunzi. Aliyense wodutsa amati dera lapulumuka.

Mzinda wa Venice ku Italy ndi umboni waukulu. Palibe yemwe anaigumula. Koma mu 1951 pakati pa mzinda wakalewo pankakhala anthu pafupifupi 175,000, ndipo mu 2022 chiwerengero chinatsika kufika pansi pa 50,000. Anthu akachepa sukulu imatsekedwa, kenako chipatala chaching'ono, kenako sitolo ya misomali ndi mababu, ndipo otsalawo amapezanso chifukwa chochokera. Mwini nyumba sachita zimenezi chifukwa cha nkhanza. Amangowerengera kuti mlendo wa pa Airbnb, tsamba la pa intaneti lopezerapo malo ogona a masiku ochepa, amupatsa m'masiku ochepa ndalama yomwe inu mumapereka pa mwezi.

Mzinda wa Bologna ku Italy unaliona msanga vutoli. Pulani yake ya 1969, yomwe anaitsogolera Pier Luigi Cervellati, inanena kuti dera lakale lisungidwe pamodzi ndi anthu ake. Ndalama za boma zomangira nyumba za anthu opeza pang'ono anazilowetsa pokonza nyumba zakale za pakati pa mzinda, okhalamo ankasamutsidwa kwa kanthawi n'kubwerera, ndipo mwini nyumba wolandira thandizo ankasaina kuti lendi sadzaikweza mmene angafunire. Sizinafike pa nyumba zonse zomwe ankafuna, ndipo lero Bologna nayo ikulira ndi lendi, koma mfundo yake ndi yolondola: ndalama ya boma ikalowa m'nyumba ya munthu, ibwere ndi pangano loteteza wochita lendi. Ku Cairo, bungwe la Aga Khan Trust for Culture pomanga paki ya Al-Azhar, yomwe inatsegulidwa mu 2005 pa malo omwe kale anali dzala, linakonzanso nyumba za m'dera loyandikana la Darb al-Ahmar, kupereka ngongole zing'onozing'ono ndi kuphunzitsa anthu a komweko ukalipentala ndi kusema miyala.

Kwa inu nthawi yabwino yokambirana inali ntchito isanayambe, koma sikunade. Sonkhanani ochita lendi nonse, mulembe kuti khomo lililonse munkakhala ndani kale ndipo mukukhala ndani lero. Mndandanda wotere umamveka kukhonsolo kuposa madandaulo a pakamwa. Mukapemphe malire pa chiwerengero cha nyumba zogonamo alendo. Si zachilendo: Barcelona inalengeza mu 2024 kuti pofika 2028 idzathetsa ziphaso za nyumba zotere pafupifupi 10,000. Mukafunsenso ngati eni nyumba omwe akukwezawo analandira thandizo la boma pokonza, ndipo ngati analandira, anasaina chiyani. Ku Bo-Kaap, ku Cape Town komweko, anthu okhalamo ndi omwe anakakamiza mzinda mpaka deralo linatetezedwa mwalamulo mu 2019.

FUNSO

Ana a m'kalasi mwanga anandifunsa kuti nyumba yakale ikagwa n'kumangidwanso chimodzimodzi, imakhalabe cholowa? Nanga zija amasiya khoma la kumsewu lokha, kuseri n'kumanga zatsopano?

*Mphunzitsi wa mbiri yakale*

YANKHO

Aphunzitsi, anawo afunsa zomwe akatswiri akhala akukangana kwa zaka zambiri. Chikalata cha Venice Charter cha 1964, chomwe chimapereka mfundo zokonzera nyumba zakale, chimati pokonza osapeka, ndipo chowonjezera chatsopano chizioneka kuti n'chatsopano. Koma Warsaw ku Poland, yomwe asilikali a Germany anaiphwasula mu 1944 mpaka dera lake lakale kuwonongeka kuposa magawo 85 pa 100, inamangidwanso mothandizidwa ndi mapulani akale ndi zithunzi zomwe Bernardo Bellotto anapenta m'zaka za m'ma 1700, ndipo UNESCO inailemba mu 1980 ikudziwa bwino lomwe kuti makoma ambiri ndi atsopano. Chomwe inalemekeza ndi khama la anthu okana kuti mzinda wawo ufufutidwe. Ku Japan, kachisi wa Ise amamangidwanso zaka 20 zilizonse, komaliza mu 2013, ndipo chomwe chimasungika ndi luso la amisiri opatsirana kuchoka ku m'badwo wina kupita ku wina. Msonkhano wa ku Nara, ku Japan komweko, wa 1994 unavomereza kuti zikhalidwe zimasiyana pa kaonedwe ka nkhaniyi.

Za khoma la kumsewu lokhalo, ine ndimati chikomekome cha mkuyu. Mukasuzumira pa zenera lakale mumapeza konkire ya nsanjika yatsopano yadutsa pakati pa zeneralo, chifukwa zipinda zakale zinali zazitali kuposa za masiku ano. Masitepe, bwalo la mkati lomwe linkalowetsa mphepo, makulidwe a makoma omwe ankaziziritsa nyumba, zonse zapita. Ndimavomera pokhapokha mkatimo mutapsa kapena mutagwa kale, ndipo khomalo likufunika kuti mzere wa nyumba za mu msewuwo usaduke.

Atengeni anawo mukayende nawo mu msewu wakale womwe muli nawo pafupi, aliyense asankhe nyumba imodzi, ayerekeze utali wa mazenera ndi wa nsanjika za kuseri kwake, kenako akafunse wokhalamo kapena wogulitsa pakhomopo kuti anafika liti ndipo asanabwere iye munali ndani.